Chithunzi cha Abambo Ako Sichinaume

Hilibulo, ku Joni
Lamulungu, 11 Meyi 1969

Dorika mwana wanga,

Ndakhala pansi kulemba lero Lamulungu, nthawi ili cha m'ma 3 koloko masana, pepala lili pabondo chifukwa tebulo la m'nyumba muno lili ndi mwini wake, ndikuuza. Moni kwa iwe, kwa apongozi anga a Petulo, kwa Rute ndi Vinsenti. Ine ndili bwino, kungoti miyendo yatupa ndi sitima. Kalembedwe kanga ukukadziwa, sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri kwa asisiteri, ndiye pamene pakukanika kuwerengeka ungokumbukira mmene ndimayankhulira.

Abambo ako ndawapeza. Ali moyo. Yohana uja anabwera ndi uthenga pa Khirisimasi sananame. Akalamba, akutsokomola, ndipo akapanda kutengedwa chaka chino adzaikidwa kuno ndi anthu osadziwa ndi chiwongo chawo chomwe. Ntchito ya mumgodi anasiya kalekale. Pano amakolopa m'nyumba ya azungu yosanjikizana, yaitali ngati phiri la Mphunzi ukaliyang'ana uli kudimba kwathu.

Ndinawapeza atagwada pamasitepe ndi ndowa ya sopo, atavala kabudula woyera wa mzere wofiira ngati mwana wasukulu, munthu wa imvi. Ndinaima ndi mtolo wanga. Iwo osadzutsa mutu anandiuza m'chiyankhulo chakuno kuti ndiponde m'mbali. Ndinati, "A Mbewe, ndaponda m'mbali kuyambira Dorika ali kumbuyo. Lero ndiponda pakati." Anakhala pansi m'madzi a sopo momwemo.

Antchito amagona padenga penipeni, m'tizipinda tonga makola a nkhunda. Azungu amakwera pa chikepe, ife ndi miyendo. Ndinkati ndikapeza sutikesi, kaya njinga, kaya makina osokera, zimene anzawo amabwera nazo. Ndapeza bedi, mbaula ya parafini, jekete limodzi, ndi tebulo lodzaza timachubu ta penti, mabulashi m'chitini cha jamu, ndi nsanza zonunkha. Kukhoma atsamiritsa nsalu yokhuthala yokhomedwa pa timatabwa, kukula kwake ngati chitseko cha khola la mbuzi. Abambo ako, Dorika, akuphunzira kujambula. Akujambula Joni wausiku ndi penti wamafuta.

Ndinati, "Mangani katundu, Lachisanu kuli sitima."

Anati, "Ndipita, Nachisale. Nanenso ndatopa. Koma chithunzichi chithe kaye."

"Chitha liti?"

"Penti uyu akauma ndiike wina pamwamba."

"Ameneyo akauma?"

"Ndiike magetsi."

Munthu amene anasiya khoma la nyumba yathu lili losamata mbali imodzi, lero wadziwa kuti ntchito saisiyira pakati. Ndangowayang'ana. Kuwanyamula sindingathe, ndipo kubwerera ndekha nditadutsa mayiko onsewa sindibwerera. Ndikhala kaye.

Chimanga chisachedwe m'munda, anyani a m'phiri sadziwa kuti ndachokapo. Nkhokwe ya kumadzulo ikudontha pansi, muyale mphasa yakale. Amalume ako a Rafaelo uwauze kuti ndafika bwino ndipo mlamu wawo ali moyo, koma za chithunzi usawauze. Kalatayi ubise. Angaseke mpaka mudzi wonse kumva.

Ndine mayi ako,
Nachisale

Lachinayi, 12 Juni 1969

Dorika,

Moni nonse. Kalata yako ndalandira, ndakondwa kuti mwakolola. Dzino la Rute musalizule ndi ulusi, ligwa lokha. Ine ndili bwino. Abambo ako ali chimodzimodzi. Chisanu chakuno n'chofanana ndi chathu cha ku Dedza, kusiyana kwake kwathu umaotha nkhuni zako.

Lachinayi ndilo tsiku lopuma la antchito a m'nyumba, ndipo inenso tsopano ndine wantchito. Ndikuchapa ndi kusita kwa dona wina wa m'nyumba yomweyi. Ali ndi madiresi oti angaveke kwaya yonse ya ku Kabwazi, koma akandipatsa buledi amandipatsa wadzana. Dzina langa silinalembedwe paliponse kuno, umvetse. Sabata yatha kunabwera alendo a nsapato zazikulu kudzagogoda zitseko padenga pano. Ine ndinagona m'chipinda cha malasha. Ndinatulukamo wakuda kuposa mmene Mulungu anandipangira. Zimenezo tisiye.

Wowaphunzitsa abambo ako ndamuona. Ndi Mpwitikizi wokalamba, a Fonseka, amakhala pansi pathu. Kale anali ndi sitolo ku Ulongwe, kutsidya kwa malire kwathu komweko, ndiye Chinyanja amachidziwa, ngakhale amachitafuna ngati nzimbe youma. Mkazi wake anamwalira, maso akumuthera. Abambo ako amamukwezera malasha, iye n'kumawapatsa penti wotsala ndi nzeru zotsala. Magetsi a m'tauni akangoyaka, awiriwa amakhala pa kampanda ka padenga, wina akutsokomola, wina akutsinzinira, kuyang'ana kunsi ngati abusa amene mbuzi zawo zalowa m'dimba la eni.

Tsiku lina ndinatopa nawo. Ndinati, "Usikutu ndi wakuda. Bwanji osangopaka nsalu yonseyi chakuda, n'kudontheza choyera, tizipita?"

A Fonseka anati, "Mayi, bwerani. Mundilozere chakudacho."

Ndinapita kuti ndikamuchititse manyazi. Dorika, palibe. Usiku wakuno si wakuda. Kumwamba n'kofiirira ngati mphika wongotuluka pamoto. Makoma a nyumba ena ndi abuluu wozama, ena ngati phulusa lonyowa, ndipo pamene pali nyale ya mumsewu khoma limapsa chikasu. Nyenyezi kulibe, magetsi anazimeza. Ndinangoti, "Usiku wanuwu ndi wodwala," n'kubwerera kukatenthetsa manja pa mbaula.

Kachitidwe kake ndi aka. Amayamba ndi mdima, penti wopyapyala wosungunula ndi mankhwala onunkha ngati parafini. Akauma aika wina wamafuta ochulukirapo. Magetsi ndiwo omaliza, amenewo amaika mokhuthala. Ndinati ndiye n'chimodzimodzi kuzira nyumba, makande pansi, katondo pamwamba, maluwa a phulusa pomaliza. Kungoti ine ndikazira m'mawa, madzulo ana akhalapo kale. Penti wamafutayu amatha sabata akunyezimirabe, ndipo abambo ako amangomudikira, manja ali kumbuyo.

Ndinawafunsa kuti chinthu chimenechi akachita nacho chiyani kumudzi, popeza sichipalasidwa, sichisoka, sichidyedwa. Anati, "Anzanga anabwerera ndi njinga. Ine ndikafika anthu adzati, munali kuti zaka zonsezi? Pakamwa ndilibe choyankha. Ndidzangoloza."



Ndatumiza kangachepe, ugule mchere ndi juzi ya Vinsenti. Khadi lija undigulire la chaka chino, ulisunge m'buku la mapemphero, ndisadzavutike ndi anyamata aja pa chipata cha msika wa Mayani. Ndipo m'makalata ako uzilemba za nkhuku ndi chimfine basi, wamva.

Mayi ako

Lamulungu, 13 Julayi 1969

Dorika mwana wanga,

Moni kwa nonse. Ndili bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula za masitepe. Abambo ako usiku sagona, amakhala tsonga, akuti akagona chifuwa chimawakwera.

Magetsi ayamba kuikidwa. Amatenga kabulashi konga nthenga ya nkhuku, choyera ndi kachikasu pang'ono, n'kumadontheza zenera limodzilimodzi. Pansanja yaitali imene akumanga kuno aikapo timadontho tofiira. Magalimoto sawajambula, amangokoka mizere iwiri, woyera wa obwera, wofiira wa opita. Ukaima pafupi ndi matope okhaokha. Ukabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, ndi Joni weniweni. Izi ndakuuza iwe, iwo sindinawauze, angatupe.

Koma pali chimene ndaona. Mazenera onse ndi timadontho ngati mapira. Limodzi lokha, padenga la nyumba ya kutsidya kwa msewu, ndi lalikulu ngati chala changa chachikulu, lachikasu ngati dzira. Ndinatuluka kukayang'ana nyumba yeniyeniyo. Zeneralo ndi lakuda, mulibe munthu.

Ndinati, "A Mbewe, nanga umu mwayatsa bwanji, mulibe munthu?"

Anayamba kutsokomola. Abambo ako ali ndi chifuwa cha mitundu iwiri, china cha mumgodi, china chimabwera ukawafunsa funso.

Ndinakafunsa a Fonseka pomwe ndinkawapititsira malaya ositasita. Mzungu wokalamba sadziwa kubisa. Akuti m'chipinda chimenecho munkakhala mayi wina wa ku Lesotho, dzina lake Suzeni, wochapa ngati ine. Pamene a mgodi anawatulutsa abambo ako atadwala, ndi iye anawatola, kuwadwazika, n'kuwapezera ntchito ino. Anakhala limodzi mmenemo zaka zambiri. Ana analibe. Anamwalira chaka chathachi chisanathe.

Nthawi imeneyo ine ndinali kukwera padenga ndekha kufolera udzu, iwe ukundipatsira mitolo. Ukukumbuka.

Sindinawatukwane. Ndakalamba, ndipo makoma akuno ndi opyapyala. Ndinangothira mchere wambiri m'ndiwo masiku angapo, iwo n'kumangodya, misozi ili m'maso, kaya ya mchere kaya ya chiyani. Iwenso usalire nazo izi. Ndimadziwa kale kuti mwamuna sakhala ku Joni zaka zonsezi akudzichapira yekha. Kungoti sindimadziwa kuti ndidzamunyamula mkaziyo pamutu kupita naye kwathu.

Akuti kumapeto kwa mwezi uno chithunzi chitha. Mbatata ya kachewere ya kudimba muithirire m'mawa, madzulo chisanu chiiwotcha.

Ndine mayi ako

Lachinayi, 21 Ogasiti 1969

Dorika,

Moni. Sitikubwera mwezi uno. Ndalakwitsa ndine.

Chithunzi chinatha kumayambiriro kwa mwezi. A Fonseka anati tisachikulunge, magetsi ndi okhuthala, pafunika mwezi kapena kuposa kuti aume mpaka m'kati. Mwezi, Dorika. Ndipo m'mawa wake pochapa nsanza zawo ndinapeza ina ili ndi zofiira zimene si penti.

Ndiye ndinaganiza monga timaganizira kwathu. Ufa ukakana kuuma m'nyumba umautulutsa padzuwa. Mfutso chimodzimodzi, mphika wouumba chimodzimodzi. Iwo atatsika kukakolopa, ndinachitulutsa, kuchiyala padenga chagada, kutsamiritsa njerwa m'makona, ine n'kutsika kukasita.

Palibe anandiuza za mphepo ya Ogasiti yakuno. Kumwera kwa tauni kuli milu ya mchenga wachikasu wotuluka m'migodi, yaitali ngati mapiri. Mphepo ikadzuka imaunyamula mchengawo n'kuwaza tauni yonse. Ndinamva mazenera a dona akugwedera, ndinasiya simbi, ndinathamanga masitepe onse aja. Ndinapeza Joni yense wakwiririka. Mchenga unali utamatirira pa getsi lililonse ngati nsinjiro pa ndiwo. Ndipo poti wopusa sapusa kamodzi, ndinatenga chitenje kuti ndipukute.

Atakwera madzulo anachiyang'ana nthawi yaitali. Anapitisa chala pamenepo, n'kununkhiza. Anati, "Fumbi lomweli." Basi. Anakagona chafufumimba, kuyang'ana kukhoma.

Akanandilalatira bola. Kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhule.

A Petulo asagulitse mbuzi ija tinkati tidzaphe tikafika. Isiyeni inenepe.

Mayi ako

Lamulungu, 14 Sepitembala 1969

Dorika mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Pepa ndachedwa kuyankha. Ine ndili bwino. Abambo ako ntchito aleka, masitepe akuwakanika. Kapitawo wa nyumba ino wanena kuti chipinda n'cha munthu wokolopa, ndiye pakati pa Novembala tikhale titatuluka. Ndinamuuza kuti ifenso sitinabwere kudzakwatiwa ndi chipinda chake.

Ndinapita kwa a Fonseka, kugwada ngati kwa abambo mfumu, ndinati nditani. Anakwera, anatenga kampeni kopanda mano, n'kuyamba kupala. Mchenga unachoka pamodzi ndi magetsi onse. Mdima wa pansi uja, poti unauma kale, unatsala. Anati, "Usiku ulipo. Pangofunika woyatsa." Anawapatsa abambo ako bulashi. Dzanja linakanika kuigwira, inagwera pa bulangete. A Fonseka nawonso akaloza zenera amaloza khoma. Ndiye anatembenukira kwa ine.

Ndinati, "Ine ndinabwera kudzatenga mwamuna, osati kudzalowa sukulu."

Anati, "Mayi, khomo lotulukira ndi lomweli."

Ndiye ine mayi ako, wa zidzukulu ziwiri, madzulo alionse ndikaweruka kwa dona ndimaima pa kampanda kaja ndi thabwa la penti kudzanja. Tsiku loyamba ndinasakaniza mitundu yonse kuti ndione, chinatuluka ndi ndowe. Tsiku lachiwiri ndinataya bulashi n'kupaka ndi chala monga ndimachitira maluwa a pakhoma. A Fonseka anati chalacho n'chabwino pofewetsa kuwala kozungulira nyale, koma zenera limafuna makona. Ndimachulutsa choyera. Akuti choyera chokhachokha sichiwala, chimangooneka ngati zitosi za nkhunda. Getsi limawala chifukwa cha mdima umene waliyandikira, ndiye uyambe wadetsa m'mbali mwake. Ukadontheza, usabwerezenso. Dontho limodzi, chotsa dzanja. Ine amene ndazolowera kusisita khoma mpaka lisalale, kuchotsa dzanja ndi kumene kukundivuta.

Abambo ako masiku onsewa anali chigonere, nkhope kukhoma. Koma khutu linali kuno. Lachitatu ndinamva mawu kuchokera m'bulangete, "Bulashi si tsache, Nachisale. Gwirani kumapeto."

Ndinati, "Kodi mitembo imayankhula?"

Anati, "Ikaona zimene mukuchitazo, imadzuka."

Tsopano ndimawatsamiritsa pa pilo, chitseko chili chotsekula kuti aziona tauni ndi chithunzi pamodzi. Iwo pakamwa, ine dzanja. Timakangana pa zenera lililonse. Chiyambire ukwati wathu sitinayankhulanepo chonchi, ngakhale zambiri ndi zonyozana.

Manja anga akununkha mankhwala aja, dona wadandaula kuti mapilo ake akumveka galaja. Galauzani kumunda wa kumtunda, musadikire ine. Vinsenti asamapite yekha kumapanga kuja kuli zojambula za makolo, kuli njoka nyengo ino.

Ndine mayi ako

Lachinayi, 9 Okotobala 1969

Dorika,

Moni nonse. Tili moyo. Ndatopa, mwana wanga, kutopa kwa m'mafupa.

Zimene walemba za amalume ako ndamva. Akuti mtchona amene sanatumizepo ngakhale bulangete alibe malo pamudzi pathu, apite kwawo kwa amayi ake. Kwa amayi ake kuli ndani? Kunatsala mitengo ya mapichesi yokha. Uwauze a Rafaelo kuti nyumba ija ndinaimata ndine, ndipo amene agonemo ndisankha ndine. Zina tidzakambirana maso ndi maso.

Kuno mvula yayamba, ya ziphaliwali, imagwa madzulo n'kusiya msewu ukunyezimira. Abambo ako ataona anati tiike zimenezonso, magetsi akugwera m'madzi. Ndinakana masiku awiri, kenaka ndinaika. Umakoka penti chotsitsa ndi bulashi youma, n'kudula mopingasa ndi kampeni. A Fonseka anayandikitsa mphuno yake mpaka kudetsa nsonga, anati msewu wanga wanyowa kuposa wa a Mbewe. Abambo ako anati n'chifukwa ndimalavula malovu poyankhula.

Loweruka ndinaika dontho lomaliza pansanja. Ndinatsuka mabulashi, ndinati, "Chatha."

Anayang'ana. Anati, "Sichinathe."

"Chatsala n'chiyani? Nsanja ilipo. Msewu ulipo. Mazenera ndawaika mpaka maso kuchita chidima."

Anayamba kutsokomola, chifuwa chachiwiri chija.

Ukudziwa chimene chatsala. Padenga la kutsidya ndasiyapo mdima. Ndinawauza kuti ine ndimajambula zimene ndikuona, a Fonseka anandiphunzitsa choncho, ndipo chimene ndikuona ndi chipinda chozima. Iwo sanatsutse. Sananenenso za sitima. Angokhala, maso ali pamalo amodzi omwewo. Dzulo anayesa kudzuka okha ine kulibe, ndinawapeza ali pansi, chubu chachikasu chili m'manja, chitsekerero chawakanika kutsekula. Ndinawakweza pabedi. Apepuka ngati mtolo wa mapesi.

Ndachapa zovala za azungu, ndagona m'malasha, ndaphunzira ntchito ya ana ndili ndi imvi. Zonsezi ndachita. Koma kuti dzanja langa lomweli, limene linafolera nyumba lokha, liyatsire nyale mkazi ameneyo, ayi. Pali polekezera.

Mbewu ya nyemba ili m'chiguli kuseri kwa chitseko. Mvula ikagwa kumeneko dzalani, musatiyembekeze.

Mayi ako

Lolemba, 3 Novembala 1969

Dorika mwana wanga,

Ndikulemba m'mawa, dzuwa lisanafike padenga, abambo ako akugona. Moni kwa iwe, kwa a Petulo, kwa Rute ndi Vinsenti. Tikubwera. Tikwera sitima Lachisanu.

Sabata ino ndi yopempherera akufa, ndipo dzulo potuluka m'tchalitchi miyendo inandipititsa kutsidya kwa msewu. Mlonda wa kumeneko ndi wa ku Ntcheu, anandilola kukwera. Chipinda cha Suzeni chija n'chaching'ono kuposa chathu. Asungamo zitini ndi makolopa akutha. Pakhoma pali mwaye pamene pankakhala nyali. Kuseri kwa chitseko ndinaona chingwe chomangidwa pa misomali iwiri, chofupika, choyanikapo tinsanza. Ndinachidziwa chifukwa inenso ndamanga chotero m'chipinda chathu muno, pamalo omwewo, kuti anthu asaone zimene ndikuyanika. Ndinaima pamenepo. Nsanza zimene ndikuchapa ine lero anayamba kuchapa ndi iye. Akanapanda iye, bwenzi Yohana atabwera ndi uthenga wina, ndipo bwenzi ndilibe womutenga.

Sindikunena kuti ndamukonda. Ndangotopa kukangana ndi munthu wakufa.

Madzulo ndinatsekula chubu chija ndi mano. Abambo ako anali kuyang'ana. Ndinadetsa m'mbali kaye monga a Fonseka anandiphunzitsira. Nditasakaniza chikasu ndi choyera abambo ako anati, motsitsa, "Onjezani chofiira pang'ono. Inali nyali ya parafini, osati getsi."

Ndinaonjeza. Ndinagwira bulashi kumapeto. Kamodzi, n'kuchotsa dzanja.

Anayang'ana mpaka ndinaganiza kuti agona maso ali otsekula. Kenaka anati, "Chatha. Sitima ili liti, Nachisale?"

Chithunzi sichinaume, ndipo sitidikira. A Fonseka akhoma kabokosi ka timatabwa kokhala ndi mpata m'kati kuti pasakhudze kanthu. Anakana kulipidwa, anangoti tikadutsa pafupi ndi Ulongwe tiwayang'anireko. Bokosilo ndinyamula ine, abambo ako anyamule chifuwa chawo. Njira ndi yaitali ndipo sindikulonjeza kanthu. Ndikungofuna atsike basi akupuma.

Tsopano tamvera. Ngolo ya a Petulo ikatidikire pamsewu waukulu kuyambira Lachitatu la sabata yamawa, muyalemo udzu ndi bulangete, abambo ako sangayende. Iwo amafuna tilowe m'mudzi kutada, monga amachitira ena kuti anthu asawerenge katundu. Ndakana. Tilowa dzuwa likuswa mtengo, aliyense aone chimene tanyamula. Uzire nyumba, koma khoma loyang'anizana ndi khomo usaikepo maluwa. A Petulo akhomepo msomali wolimba, kutali ndi utsi. Ana uwachenjeze asadzagwire ndi zala. Ndipo wina aliyense asadzayerekeze kuchitulutsa padzuwa, ndidzamudula manja.

Ukawerenga upereke kalatayi kwa amalume ako a Rafaelo, pamodzi ndi zonse zija ndinati ubise. Awerenge, aseke zokwanira ife tisanafike. Ndipo akadzaima pakhomo n'kuona zenera limodzi lalikulu lachikasu, asadzavutitse mlamu wawo ndi mafunso. Adzafunse ine. Ndinayatsa ndine.

Ndine mayi ako,
Nachisale